Timu ya okhometsa msonkho: mbiri ya Finance and Revenue ndi mpira wa maunduna ku Burma

Kwa zaka zoposa khumi, timu imene inkatenga ligi ya dziko la Myanmar pafupifupi chaka ndi chaka inalibe dzina la mzinda, la phiri kapena la chilombo cholusa. Inkatchedwa Finance and Revenue, ndipo mwini wake unali unduna woona za chuma ndi misonkho. Tangoganizani: anthu omwewo amene pakati pa sabata amakutsegulitsani katundu padoko kuti mulipire kasitomu, Loweruka mukawaombere m'manja. Matimu amene inkalimbana nawo analinso otero: Commerce, Transport, Energy, Construction, Forestry, Home Affairs, Defence. Munthu akamawerenga ndandanda wa ligi ankakhala ngati akuwerenga mayina a maunduna tsiku lolumbiritsa nduna.

Kwa ife zimenezi si zachilendo kwenikweni. Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Blue Eagles ndi ya apolisi, Civil Service United dzina lake likunena lokha, Moyale ndi Kamuzu Barracks ndi asilikali. Ku Zambia kuli Green Buffaloes, Red Arrows ndi Nkwazi. Koma kuno matimu amenewa amakumana ndi Bullets ndi Wanderers, matimu amene munthu amagona ndi njala chifukwa cha iwo. Ku Burma kunalibe Bullets. Pafupifupi ligi yonse inali ya boma, ndipo yonse inkaseweredwa mumzinda umodzi.

Tisanapite patali, za mayina: Burma ndi Myanmar ndi dziko limodzi, Rangoon ndi Yangon ndi mzinda umodzi. Boma la asilikali ndi limene linasintha mayinawa mu 1989. Apa tizigwiritsa dzina limene linkamveka pa nthawi imene tikukambayo.

Mpira unayambira kuntchito

Amene amatchulidwa kuti anabweretsa mpira wamiyendo ku Burma ndi James George Scott, wa ku Scotland, mtolankhani amene ankaphunzitsanso pa St John's College ku Rangoon chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870. Sanavutike kukopa anthu. Anyamata a ku Burma anali ndi masewero awo akale otchedwa chinlone, pamene anthu amaima bwalo n'kumapatsirana kampira kolukidwa ndi mtengo wonga nsungwi, pogwiritsa mapazi, mawondo ndi mutu, osakagwira ndi manja komanso osakalola kugwa pansi. Phazi linali lozolowera kale. Chimene Scott anawonjezera ndi mapolo awiri ndi mdani.

Nthawi imeneyo Burma ankalamulidwa ngati chigawo cha India wa Angerezi, ndipo zinakhala choncho mpaka 1937. Matimu oyambirira sanamere m'midzi kapena m'makomboni. Anamera pamene panali mpira weniweni wachikopa, bwalo losalaza ndi bwana wololeza anyamata kuweruka msanga: m'magulu a asilikali, kupolisi, kunjanji, m'makoleji, ndi ku ofesi ya kasitomu. Masewero akuluakulu ankachitikira pa bwalo la Burma Athletic Association, limene lero ndi Aung San Stadium, pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima.

Ofesi ya kasitomu sinali ofesi wamba. Rangoon linali doko lolemera, lotulutsa mpunga, matabwa a mtengo wa tiki ndi mafuta, ndipo chilichonse cholowa ndi chotuluka chinkadutsa pamaso pa anthu a kasitomu. Nthambi yotere inali ndi mphamvu yolemba mnyamata ntchito chifukwa cha phazi lake, n'kumupezera desiki pambuyo pake. Mbiri ya Finance and Revenue imawerengedwa kuchokera mu 1924, m'nyengo imeneyi, ndipo nthambi ya kasitomu ili pansi pa unduna womwewo wa zachuma.

Munthu mmodzi wa timu ya Rangoon Customs amaonetsa bwino mmene mpira wa nthawiyo unalili. Dzina lake Fred Pugsley, wa magazi osakanikirana a Chingerezi ndi Chibama, womwetsa zigoli. Ajapani atayamba kuphulitsa Rangoon mu Disembala 1941, n'kuulanda mu Malichi 1942, anthu miyandamiyanda anathawira ku India wapansi, kudutsa m'nkhalango ndi m'mapiri, ndipo ambiri anafera m'njira ndi malungo, kamwazi ndi njala. Pugsley anali m'gulu la oyenda pansiwo. Anafika ku Calcutta ali wofooka, akuluakulu a timu ya East Bengal, amene ankamudziwa kale mbiri yake, n'kumulandira. Atachira anavala yunifolomu yawo, ndipo mu 1945, mu mpikisano wa Rovers Cup, anamwetsa zigoli 8 m'masewero amodzi. Ku Calcutta amamukumbukirabe ngati mlendo woyamba kusewerera timuyo. Anali munthu wa ofesi ya boma, osati wa mpira wolipidwa.

Pamene boma linakhala bwana wa aliyense

Bungwe loyendetsa mpira ku Burma linakhazikitsidwa mu 1947, ufulu wodzilamulira unabwera pa 4 Januwale 1948, ndipo mu 1954 dzikolo linali limodzi mwa amene anayambitsa bungwe la mpira la Asia ku Manila. Chaka chomwecho, mumzinda womwewo, Burma anapata mendulo ya nambala 3 pa masewero a Asian Games. Matimu a kuntchito anangopitiriza monga kale, kungoti mabwana tsopano anali eni dziko.

Chimene chinasintha zonse ndi tsiku la 2 Malichi 1962, pamene mkulu wa asilikali Ne Win analanda boma. Iye anabwera ndi mfundo yoti chuma chonse chikhale m'manja mwa boma. Mu 1963 mabanki analandidwa. Kenako makampani a malonda, masitolo akuluakulu, mafakitale, ndipo patapita nthawi pang'ono masukulu a mishoni. Amwenye ambiri amene ankagwira malonda anachoka m'dzikomo. Alendo ankapatsidwa chilolezo chokhalamo maola 24 okha, chimene pambuyo pake chinafika sabata imodzi. Dziko linadzitsekera m'nyumba.

Tsono funsani: m'dziko lopanda kampani ya munthu wamba, ndani angagule nsapato za timu? Yankho linali limodzi. Timu ya unduna, imene kale inali njira imodzi mwa zingapo, inasanduka njira yokhayo. Wosewera mpira wabwino ankalembedwa ntchito ngati kalaliki, msilikali, wapolisi kapena wogwira kunjanji. Dzina lake linkakhala pa ndandanda wa malipiro a boma, koma ntchito yake yeniyeni inali kubwalo. Akakalamba kapena bondo likamukana, desiki ija inkamudikira, ndipo kumapeto kunali penshoni. M'dziko limene zinthu zofunika zinkagulidwa mwa muyezo m'masitolo a boma, kukhala munthu wa boma sichinali chinthu chochepa. Kholo silinkakalipira mwana wothamangira mpira, chifukwa mpirawo unali khomo lolowera ntchito.

Dongosololi linali ndi ubwino wina umene sukambidwa kawirikawiri. Pa malamulo a nthawi imeneyo, masewero a Olympics ndi Asian Games anali a anthu osalipidwa chifukwa cha masewerowo. Kalaliki wa unduna, ngakhale atakhala kuti cholembera anachigwira komaliza tsiku lomulemba ntchito, pamapepala anali wosalipidwa. Choncho Burma ankatumiza osewera ake enieni, anthu okonzekera tsiku ndi tsiku, kukakumana ndi mayiko amene osewera ake ankathamangira kubwalo ataweruka kuntchito yeniyeni. Mayiko a kum'mawa kwa Ulaya ankachitanso chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake ankakolola mamendulo.

Osewera ankachokera kuti, popeza matimu onse anali ku Rangoon? Kuyambira mu 1952 kunali mpikisano wa zigawo za dziko, pamene chigawo chilichonse chinkasankha anyamata ake. Umenewu ndiye unali msika. Mnyamata wa ku Mandalay, wa kumapiri a Shan kapena wa kumatsiriro a mtsinje wa Irrawaddy akawala pamenepo, maunduna ankamulimbirana, ndipo sipankatenga nthawi kuti apezeke ku Rangoon ali ndi nambala ya ntchito. Zigawo zinkalera, likulu linkakolola.

Ndipo zinagwira, tisanamizane. Zaka zoyambira 1965 mpaka 1973 ndi zimene anthu a ku Myanmar amazitcha nyengo yagolide. Burma anatenga mendulo yagolide ya mpira pa masewero a mayiko a kumwera chakum'mawa kwa Asia kasanu kotsatizana: 1965, 1967, 1969, 1971 ndi 1973. Pa Asian Games ya 1966 ku Bangkok anagonjetsa Iran 1 kwa 0 mu fainolo. Mu 1970, ku Bangkok komweko, analepherana ndi South Korea popanda chigoli, n'kugawana golideyo. Mu 1968 anamaliza pa nambala 2 mu chikho cha Asia ku Tehran, kumbuyo kwa eni bwalo. Timu ya achinyamata inatenga chikho cha Asia kasanu ndi kawiri pakati pa 1961 ndi 1970, ngakhale kangapo kanali kogawana ndi ena. Lero kumva kuti South Korea inkatuluka thukuta kuti ilepherane ndi Burma zimamveka ngati nthano ya agogo, koma zinachitikadi.

Kaputeni wa nyengo imeneyi, amene ambiri amati ndiye wosewera wamkulu m'mbiri ya dzikolo, anali Suk Bahadur, wa mtundu wa Agurkha, ndipo timu yake inali ya asilikali. Mphunzitsi amene dzina lake limayendera limodzi ndi zikhozi ndi Sein Hlaing. Mu 1972 Burma anafika ku Olympics ya ku Munich, kumene anagonja 1 kwa 0 ndi Soviet Union, 1 kwa 0 ndi Mexico, kenako n'kuswa Sudan 2 kwa duu. M'zaka zomwezo, Bert Trautmann, Mjeremani amene anatchuka ngati goloboyi wa Manchester City, anakhala ku Burma zaka ziwiri akuphunzitsa timu ya dziko.

Malipiro atasanduka mapepala

Dongosolo lonseli linatsamira pa chinthu chimodzi: kuti ntchito ya boma ikhale yopindulitsa. Chuma cha Ne Win chitayamba kufota, mzati umenewo unadyedwa ndi chiswe. Dziko limene linkatsogola pogulitsa mpunga kunja linafika posowa ndalama zogulira zipangizo, ndipo zinthu zambiri zinkapezeka pamsika wozembetsa wokha. Mu Sepitembala 1987 boma linalengeza mwadzidzidzi kuti ndalama zamapepala za 25, 35 ndi 75 kyat zasiya kugwira ntchito, popanda kusinthira anthu. Zimene munthu anasunga moyo wake wonse zinasanduka zoyatsira moto tsiku limodzi. M'malo mwake munabwera za 45 ndi 90. Kumapeto kwa chaka chomwecho bungwe la United Nations linaika Burma pa mndandanda wa mayiko osaukitsitsa, ndipo mu 1988 anthu anadzaza misewu, asilikali n'kuwawombera, gulu lina la asilikali n'kutenga boma.

Wosewera mpira anali wantchito wa boma ngati wina aliyense, choncho umphawi wa mphunzitsi wa sukulu ndi namwino unali wakenso. Panthawi yomweyo anzawo akale ankathamanga. South Korea inayambitsa ligi ya osewera olipidwa mu 1983, Japan mu 1993. Mayiko a mafuta a ku Arabia ankalemba aphunzitsi a ku Brazil ndi ku Ulaya. Burma anangokhala pomwe anaima mu 1973, ndi matimu omwewo, mabwalo omwewo, ndi maphunzitsidwe omwewo. Mendulo ya nambala 2 imene anapata mu 1993 ku Singapore, atagonja ndi Thailand mu fainolo, inakhala ngati kung'anima kwa mphezi ya kutali.

M'nyengo yofota imeneyi ndi mmene Finance and Revenue inafika pachimake. Mu 1996 ligi ya ku Yangon inakonzedwanso n'kupatsidwa dzina latsopano, loti imveke ngati ligi ya dziko lonse, koma matimu anali omwe aja, ndipo masewero ankachitikira pa mabwalo a Aung San ndi Thuwunna. Kuyambira pamenepo mpaka 2009, zaka zambiri chikho chinkapita ku unduna wa zachuma. Matimu ngati Commerce ankachilanda mwa apo ndi apo, n'kuchibwezanso.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Pamene matimu onse akudya m'mbale ya boma, amene wakhala pafupi ndi mphika sagona ndi njala. Ndiponso mnyamata akapatsidwa mwayi wosankha pakati pa ntchito ku unduna wa nkhalango ndi ntchito ku nthambi za misonkho ndi kasitomu, sakafunsa kwa asing'anga. Kulikonse padziko lapansi anthu amadziwa ofesi imene ili ndi mafuta. Choncho timuyi inkasonkhanitsa osewera abwino, ndipo gawo lalikulu la timu ya dziko linkachokera komweko. Myo Hlaing Win, amene anamwetsa zigoli zambiri kuposa onse mu Tiger Cup ya 1998, chikho cha mayiko a kumwera chakum'mawa kwa Asia, anali wa Finance and Revenue. Soe Myat Min, amene anatsogolera kutsogolo kwa timu ya dziko m'zaka zotsatira, anakuliranso pomwepo.

Kunja kwa dziko nkhani inali ina. Mu mpikisano wa akatswiri a makalabu a ku Asia wa 1997 mpaka 1998, Finance and Revenue inafika m'gulu la matimu anayi otsala a chigawo chakum'mawa, limodzi ndi Dalian Wanda ya ku China, Pohang Steelers ya ku South Korea ndi Kashima Antlers ya ku Japan. Kufika pamenepo kunali kuyesetsa ndithu, koma sinapitirire. Makalaliki a unduna anakumana ndi makalabu okhala ndi osewera ogulidwa kunja, madokotala awoawo ndi mabwalo awoawo okonzekerera. Mu 2005 inakaimiranso dziko ku Brunei, mu mpikisano wa makalabu a mayiko a m'chigawo chawo, umene Tampines Rovers ya ku Singapore inapambana.

Koma bala lenileni la timuyi, mmene ndikuonera, silinali kugonja kunja. Linali kusowa eni ake. Timu ya mzinda imakhala ndi anthu amene anabadwira pafupi ndi bwalo, amene bambo awo anawatengera kumeneko ali pakhosi. Timu ya unduna wa misonkho ndani angaifere? Achibale a osewera, ogwira ntchito mu unduna, ndi anthu ochepa okonda mpira uliwonse. Munthu wa ku Mandalay, mzinda wachiwiri kukula, analibe timu ya kwawo mu ligi ya dziko lake. Choncho masewero ambiri a ligi ankaseweredwa pamaso pa mipando yopanda anthu.

Si kuti anthu anasiya kukonda mpira. Anangosamuka nawo. M'matiyirumu a ku Yangon, mmene amuna ovala nsalu zawo za longyi amakhala pa timipando tatifupi kumwa tiyi wa mkaka wotsekemera, munalowa madishi a setilaiti, ndipo usiku wa Loweruka munkadzaza anthu oonera ligi ya ku England, ambiri atabetcha kandalama kawo. Mnyamata ankatha kutchula osewera onse a Manchester United ndi a pabenchi omwe, osadziwa kuti akatswiri a dziko lake asewera liti. Zimenezi sitingaziseke kwambiri, popeza mavidiyo shoo athu amadzaza chimodzimodzi.

Mu Novembala 2005 boma linayamba kusamutsa maunduna kupita ku likulu latsopano, Naypyidaw, makilomita oposa 300 kumpoto kwa Yangon. Ogwira ntchito anakwezedwa m'malole ndi mafayilo awo, ligi n'kutsala ku Yangon. Ngakhale anthu ochepa aja amene akanati timuyi ndi yathu anali atapita nawo kutali. Ndiye mu Okutobala 2007 Myanmar inasewera koyamba m'mbiri yake masewero odzigulira malo ku World Cup, pakuti zaka zonse za m'mbuyomo inkangokhala osalowa kapena kulowa n'kutulukamo isanamenye mpira. Inakumana ndi China. Kwawo kwa China, Myanmar inagonja 7 kwa 0, masewero achibwereza 4 kwa 0.

Lamulo lochokera kumwamba

Mapeto a ligi ya maunduna anabwera mu 2009, ndipo mmene anabwerera ndi nkhani yoti munthu aseke kaye asanakwiye. Malinga ndi kalata yachinsinsi ya ofesi ya kazembe wa America ku Yangon, imene inaululidwa ndi WikiLeaks, gulu loulula zinsinsi za maboma pa intaneti, kumapeto kwa 2010, mdzukulu wa mtsogoleri wa asilikali Than Shwe analimbikitsa agogo ake kuti agule Manchester United ndi ndalama zokwana madola 1 biliyoni. Apa n'kuti pasanathe chaka kuchokera pamene namondwe wa Nargis anakantha dzikolo mu Meyi 2008, n'kusiya anthu pafupifupi 138,000 atafa kapena kusowa. Kalatayo ikuti mkuluyo anaona kuti kugula timu ya ku England pa nthawi yotere kungaoneke moipa, ndiye m'malo mwake analamula kuti anthu olemera amene ankachita malonda ndi boma akhazikitse ligi ya osewera olipidwa. Ikutinso eni matimuwo analonjezedwa zowapepesera, monga makontirakiti a zomangamanga, migodi ya miyala yamtengo wapatali ndi zilolezo zoitanitsa katundu kunja.

Kaya nkhani ya Manchester United inafika pati m'nyumba ya mkuluyo, chimene chinachitika poyera chikugwirizana ndi mbali yachiwiri ya kalatayo. Myanmar National League inayamba mu 2009 ndi matimu 8, lililonse loimira chigawo ndipo lililonse lili ndi mpondamatiki wake. Yangon United inali ya Tay Za wa kampani ya Htoo. Yadanarbon ya ku Mandalay inali ya Sai Sam Tun, wopanga zakumwa. Kanbawza, imene inayamba mu 2005 n'kuseweranso mu ligi yakale, inali ya Aung Ko Win, mwini banki ya dzina lomwelo. Magway inali ya Steven Law wa Asia World. Delta United, imene pambuyo pake inadzatchedwa Ayeyawady United, inkagwirizana ndi Zaw Zaw wa Max Myanmar, yemwenso anali pulezidenti wa bungwe la mpira kuyambira 2005. Angapo mwa amenewa anali pa mndandanda wa anthu amene America inawaletsa kuchita nawo malonda chifukwa cha ubale wawo ndi asilikali.

Matimu a maunduna sanagonje pabwalo kuti atuluke mu ligi yaikulu. Anangouzidwa kuti ligi ija kulibenso. Osewera awo abwino anatengedwa ndi matimu atsopano, kumene malipiro anali oposa kutali a kalaliki, ndipo kunabwera aphunzitsi ndi osewera akunja, ambiri ochokera ku Africa ndi ku Brazil. Finance and Revenue, itatenga zikho zambiri kuposa timu ina iliyonse m'dzikomo, inazimiririka pamaso pa anthu popanda ngakhale masewero otsanzikira amene dziko linawalabadira. Panalibe masapota oti akatseke msewu.

Ena amafotokoza kusinthaku ngati kuchotsa mpira m'manja mwa boma n'kuupereka kwa anthu wamba. Ine ndikuona kuti dzanja linali lomwelo, linangosintha golovesi. Kale nduna inkapatsidwa timu ngati gawo la unduna wake. Tsopano wamalonda ankapatsidwa timu ngati gawo la mtengo wokhalira paubwenzi ndi akuluakulu. Chuma cha dziko chinali chitachoka m'maunduna kupita kwa anthu ochepa oyanjidwa, ndipo mpira unangotsatira kumene ndalama zinapita, monga unachitira kuyambira masiku a doko la Rangoon.

Komabe chinthu chimodzi chinali chatsopano ndithu, ndipo n'chimene ligi yakale inalephera kwa zaka zonsezo: matimu anapatsidwa kwawo. Anthu a ku Mandalay anadzaza bwalo kukaonera Yadanarbon, imene inatenga zikho zoyambirira za ligiyo, ndipo mu 2010 inapambana AFC President's Cup, chikho cha makalabu a mayiko amene mpira wawo ukukwera kumene. Mkangano wa Yangon United ndi Yadanarbon unali ndi mchere umene Finance ndi Commerce sanakhale nawo, chifukwa kumbuyo kwake kunali mizinda iwiri imene imapikisana kuyambira kale. Mu 2014 timu ya anyamata osapitirira zaka 19, pansi pa mphunzitsi wa ku Germany Gerd Zeise, inafika mu semifainolo ya chikho cha Asia pakhomo, n'kudzigulira malo ku World Cup ya achinyamata ya 2015 ku New Zealand. Kwa kanthawi zinaoneka ngati mbewu yamera.

Chimene chinatayika n'chakuti wosewera sanalinso ndi desiki yomudikira. Kontirakiti ikatha, yatha. Mwini timu akatopa kapena malonda ake akavuta, timu imatha nayo limodzi, ndipo ena mwa matimu oyambirira aja, monga Zeyar Shwe Myay, anathadi pasanathe zaka khumi. Unduna sunkalipira bwino, koma sunkatseka.

Pa 1 Febuluwale 2021 asilikali analandanso boma. Ligi ya chaka chimenecho sinaseweredwe. Osewera angapo odziwika anakana kuitanidwa ku timu ya dziko, ponena kuti sangavale mbendera m'dzina la olanda boma, monga mmene madokotala, aphunzitsi ndi ogwira kunjanji ananyanyalira ntchito. Amene anapita ku Japan mu Meyi chaka chomwecho anagonja 10 kwa 0, ndipo nyimbo ya fuko ikuimbidwa, goloboyi wa pabenchi Pyae Lyan Aung anakweza zala zitatu, chizindikiro cha otsutsa asilikali. Sanakwere ndege yobwerera kwawo, ndipo Japan inamupatsa malo ngati wothawa kwawo. M'masiku a maunduna, wosewera wochita zotere akanataya malipiro, nyumba ndi penshoni tsiku lomwelo.

Ligi inayambiranso mu 2022, koma chifukwa cha nkhondo imene yafalikira m'zigawo, masewero ambiri anabwerera ku Yangon, pa Thuwunna pomwe paja. Timu imene yakhala ikutenga chikho, mu 2017, 2019, 2020, 2022 ndi 2023, ndi Shan United ya ku Taunggyi. Dzina limeneli inalitenga mu 2015. Poyamba inali Kanbawza, timu ya banki ija.